Satifiketi Yapakhoma ndi Geti la Fakitale

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira a m'makoleji ochokera m'makomboni a Lusaka, ku Heavy Industrial Area

 Amene anandiitana anandipempha kuti ndikambe za moyo wa pakoleji, za mabungwe aulemu amene akutumizira ena mwa inu makalata pafoni, ndiponso za kukonzekera ntchito. Kwa ine imeneyi ndi nkhani imodzi, ndipo funso lake nali: tsiku limene mudzakhale pampando moyang'anana ndi wolemba ntchito, pa zonse zimene mwasonkhanitsa zaka zitatu kapena zinayi, iye adzakhulupirira chiti?

Malo tasonkhana ano akuyenerana nalo funsolo. Mukatuluka mupeza Mungwi Road kumene kuli Zambian Breweries, Sheki Sheki kumene amafulula Chibuku, Buyantanshi kumene kuli Industrial Training Centre, ndi msewu wa Lumumba umene mathiraki sausiya usana ndi usiku. Kusanache bwino, misewu imeneyi imadzaza anthu oyenda pansi ochokera ku George, ku Matero ndi ku Kanyama. Ena ali ndi ovolosi m'chikwama, akudziwa kumene akupita. Ena amangoima kunja kwa geti kudikira kapitawo, kuti mwina atuluka n'kuloza chala: iwe, iwe ndi iwe, lowani, kuli katundu wotsitsa. Masiku ano pagulu la odikirawo munthu wa dipuloma sasowa.

Makolo athu amatilangiza ndi nzeru za nthawi ina, ndipo tisawaseke, chifukwa nthawi imeneyo inalikodi. Pamene dziko lino linkalandira ufulu mu 1964, Azambia a digiri anali pafupifupi 100 basi, dziko lonse. Evelyn Hone College inali itangotsegulidwa mu 1963, ndipo University of Zambia (UNZA) inayamba kuphunzitsa mu 1966. Mu Epulo 1968, ku Mulungushi, a Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuluakulu angapo. Mu Ogasiti 1969 analengeza zomwezo za migodi ya mkuwa, ndipo mawu achiwiriwa anawalankhulira kwathu konkuno ku Matero. Makampani onsewo, amene anadzakhala pansi pa mabungwe a boma a INDECO ndi ZIMCO, ankafuna Azambia oti alowe m'malo mwa azungu, koma ophunzira anali ochepa. Munthu ankalemba mayeso omaliza ntchito ikumudikira kale, nyumba ya kampani ili pomwepo. Kenaka mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ngongole zinakula, ndipo boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991, lamulo logulitsa makampani a boma linatsatira mu 1992. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, mabasi a UBZ nawo anatha. Agogo ambiri a ku Matero ndi ku Chawama anabwerera kunyumba ndi kalata yowachotsa ntchito m'manja.

Lero mayunivesite ndi makoleji ndi ochuluka, a boma ndi a anthu wamba, ndipo chaka chilichonse magauni amadzaza mabwalo. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, koma ofunsira malowo anaposa 100,000. Anthu akachuluka chotero, aliyense amafuna kanthu koti kamusiyanitse ndi mnzake. Ndipo pamene pali mantha, ogulitsa mankhwala a manthawo sachedwa kufika.

Apa m'pamene pakulowera makalata aja. Amabwera ndi chizindikiro chagolide, amakutchulani dzina lanu lonse, amati mwasankhidwa chifukwa cha nzeru zanu kulowa m'bungwe laulemu la padziko lonse, ndipo m'munsi mwake muli mtengo wa madola. Ndikuuzeni kumene mwambowu unachokera, chifukwa si wabodza wonse ayi.

Ku America kuli mabungwe amene amawatcha honor society, otola ophunzira okhoza kwambiri. Lakale kuposa onse ndi Phi Beta Kappa, limene linayamba pa 5 Disembala 1776 ku College of William and Mary, ku Virginia. Kufikira lero limalandira ochepa chabe, ndipo amene amasankha ndi aphunzitsi a pakolejipo amene ndi mamembala, atawona magiredi a wophunzira. Popeza bungwe limenelo silinkatenga a uinjiniya, mu 1885 ku Lehigh University kunabadwa Tau Beta Pi, la mainjiniya. Mabungwe otere anachuluka mpaka mu 1925 panakhazikitsidwa Association of College Honor Societies kuti pakhale muyezo. Taonani, zaka 100 zapitazo eni mwambowo anali ataona kale kuti dzina laulemu lokha silitsimikiza kanthu. Limene lafika pafupi ndi ife ndi Golden Key, lomwe linayamba ku Atlanta mu 1977. Lili ndi nthambi m'mayunivesite a ku South Africa monga Pretoria ndi Stellenbosch, limaitana amene ali m'gulu la 15 pa 100 okhoza kwambiri, ndipo wolowa amalipira kamodzi. Mzambia amene anaphunzira kumeneko n'kulowamo sanalakwe kulemba zimenezo pa CV yake.

Nanga n'chifukwa chiyani dzina la Phi Beta Kappa limalemera kwawoko? Chifukwa olowa ndi ochepa, owasankha anawaona akugwira ntchito, ndipo wolemba ntchito ku Boston kapena ku Chicago amalidziwa dzinalo popanda womufotokozera. Chotsanipo chimodzi mwa zimenezi, chotsala ndi pepala lokongola basi. Tsono dzifunseni: mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito ku Mungwi Road, amene patebulo pake pali maenvulopu a khaki mulu, akaona zilembo zitatu za Chigiriki pa CV yanu, aimbira foni ndani kuti atsimikize? Iye amadziwa Distinction, Merit ndi Credit. Amadziwa satifiketi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso. Amadziwa dzina la mphunzitsi wina wa ku Evelyn Hone amene anamutumizirako ana abwino chaka chatha. Zinazo amangodutsa ndi maso.

Choncho kalata yotere ikakupezani, musathamangire ku buthu ya Airtel Money. Pitani kaye kwa mkulu wa dipatimenti yanu mukafunse ngati bungwelo akulidziwa, ndiponso ngati koleji ndiyo inapereka dzina lanu. Funsani anzanu a m'kalasi. Mukapeza kuti ndi uja amabwereza maphunziro awiri walandiranso kalata yomweyo yomutamanda nzeru, yankho mwalipeza. Funsaninso kuti mukalipira mulandira chiyani choposa satifiketi ndi kabaji: kodi kuno ku Lusaka kuli nthambi imene imakumana, kuli munthu amene analandirapo thandizo la fizi amene mungamuone ndi maso? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama imeneyo amayi anu aipeza atakhala padzuwa ndi tomato masabata angapo, kapena aitenga ku chilimba, kapena, Mulungu atithandize, kwa wakaloba. Ndipo nthendayi si ya ana okha. Akuluakulu enanso amagula mphoto zolandirira ku hotela, chakudya chamadzulo chili patebulo, n'kubwerako ndi dzina latsopano kutsogolo kwa dzina lawo. Musatengere.

Koma mabungwe amene dzina lawo limatsegula geti kuno kwathu alipo, ndipo chimandidabwitsa n'chakuti ophunzira ambiri amawadziwa atamaliza kale sukulu. Mphamvu yawo imachokera ku lamulo la Nyumba ya Malamulo. Inu a uinjiniya, a zamagetsi, a zamakina ndi owotcherera zitsulo, bungwe lanu ndi Engineering Institution of Zambia (EIZ), limene chiyambi chake ndi cha mu 1955, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Lamulo la mu 2010 limati wogwira ntchito ya uinjiniya akhale wolembetsedwa ndipo akhale ndi chiphaso chogwirira ntchito. Ambiri amaganiza kuti limenelo ndi bungwe la a digiri okha. Ayi ndithu. Lili ndi malo a mainjiniya, a matekinolojisiti, a matekinishani ndi a amisiri a satifiketi ya craft, ndipo wophunzira amaloledwa kulowa akadali pasukulu. Kampani imene ikufuna tenda ya boma imafunsidwa mapepala a anthu ake, ndiye ikamalemba munthu imakonda amene mapepala ake ali kale m'malo.

A zowerengera ndalama muli ndi ZICA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1982 limene linakonzedwanso mu 2008. A zogula katundu wa kampani muli ndi Zambia Institute of Purchasing and Supply, a zoyang'anira antchito muli ndi Zambia Institute of Human Resource Management. Mphunzitsi salowa m'kalasi popanda Teaching Council of Zambia, imene inabwera ndi lamulo la mu 2013, namwino ali ndi khonsolo yake, a zaumoyo enawo ali ndi Health Professions Council of Zambia. Mabungwe amenewanso amalipiritsa, ndipo sindikuuzani kuti onse amatumikira mamembala awo bwino. Madandaulo alipo, akuti timangolipira chaka ndi chaka osaona chobwerera. Komabe kusiyana kwake n'koonekeratu: nambala yanu ya umembala wolemba ntchito angathe kuifufuza tsiku lomwelo, ndipo pamisonkhano yawo mumakhala pabenchi imodzi ndi anthu amene mawa adzakhale mbali inayo ya tebulo la intavyu. Ngati m'thumba muli ndalama ya bungwe limodzi lokha, iperekeni kumeneko.

Kufufuza mapepala ndikunenaku si nthabwala. Kuyambira pamene malamulo a dziko anasinthidwa mu 2016, ngakhale wofuna ukhansala amafunika satifiketi ya Giredi 12. Mu 2017 Teaching Council itafufuza, inapeza aphunzitsi mazana angapo ali ndi masatifiketi achinyengo, ena atagwira ntchito zaka zambiri. Examinations Council of Zambia imatsimikiza mapepala a Giredi 12, ndipo Zambia Qualifications Authority imatsimikiza a kukoleji, a kuno ndi a kunja omwe. Inu makolo, musanalipire fizi kulikonse, onani ngati kolejiyo inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority, ndiponso ngati maphunziro enieniwo amene mwana akutenga ndi ovomerezedwa. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina mkati mwake ayi. Pali mabanja amene anagulitsa puloti chifukwa cha dipuloma yoti palibe akuilandira.

Tsopano za moyo wa pakoleji. Ndikudziwa kuti moyo umene mumauona m'mafilimu, wa udzu wobiriwira ndi makalabu a masana, si wanu. Wa ku Kanyama amadzuka mdima, nyengo ya mvula amavula nsapato kuti awoloke madzi, amakwera basi mpaka m'tauni n'kukweranso ina. Wa ku UNZA amene sanapeze malo ku hositelo amagona anayi kachipinda kamodzi ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, mbaula ili pakhomo. Ndalama ya chakudya ya ophunzira a ngongole ya boma inachotsedwa mu 2019 n'kubwezedwa mu 2023, ndipo a m'makoleji ambiri saiona n'komwe. Mu 2024 chaka chinayamba ndi kolera, masukulu anachedwa kutsegulidwa, bwalo la Heroes linasanduka chipatala, kenaka chilala chinatsitsa kwambiri madzi a damu la Kariba ndipo magetsi ankapita pafupifupi tsiku lonse. Ambiri mwa inu munalemba ma asainimenti ndi tochi ya foni. Munthu wokhala moyo wotere nthawi yake ndi yochepa, ndiye ayenera kusankha bwino poiika.

Choyamba ndi magiredi, ndipo musalole wina akunamizeni kuti alibe ntchito. Ofunsira akakhala mazana, wosankha amayamba ndi chimene angachiwerenge msanga. Koma magiredi amakufikitsani pakhomo chabe. Mkati amafunsa kuti munachitapo chiyani. Apa ndimalemekeza kwambiri timabungwe ta pakoleji timene ambiri amatinyoza: bungwe la ophunzira a kosi yanu, kwaya, gulu la mapemphero, timu ya mpira, komiti ya hositelo. Kulowamo kokha n'kopanda phindu, mayina a mamembala amadzaza mabuku. Phindu lili pa kusenza udindo. Msungichuma amene anatolera ndalama za ulendo wa kalasi, n'kulemba malisiti, n'kuima pamaso pa anzake kufotokoza ngwee iliyonse, ali ndi nkhani yoti akambe pa intavyu. Mlembi amene analemba kalata ku fakitale kupempha kuti kalasi idzaone makina, n'kukanidwa, n'kulembanso mpaka kuloledwa, waphunzira chinthu chimene palibe mphunzitsi amachiika pa bolodi. Ndipo wadziwana ndi munthu wa m'kati mwa geti.

Chinanso, ana a m'komboni mumabisa chuma chanu. Mtsikana amakhala m'buthu ya MTN kapena ya Airtel tchuthi chonse, madzulo aliwonse amawerengera fuloti kuti igwirizane ndi buku, amazindikira ndalama yachinyengo, amapirira makasitomala aukali, koma pa CV amalemba kuti sanagwirepo ntchito. Mnyamata wakulira pakati pa owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga, amadziwa kuyeza, kudula ndi kutchaja kasitomala, koma akuchita manyazi kuzitchula chifukwa sizinachitikire mu ofesi. Lembani zimenezo. Lembani kuti munkasunga ndalama zochuluka bwanji patsiku, kwa miyezi ingati, ndipo mwini buthu angakuchitireni umboni. Bwana wanzeru amadziwa kuti munthu amene sanasoweko ndalama ya eni m'kantemba sadzasowetsa katundu m'sitolo ya kampani. Kwa abale anu amene luso analiphunzirira pantchito popanda kalasi, auzeni kuti TEVETA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ili ndi mayeso a trade test opatsa munthu wotere pepala. Auzeninso kuti ndalama ya chitukuko ya CDF itakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwense iliyonse, gawo lina linapita ku mabasale a maphunziro a luso, ndipo mafomu amadzera ku Ward Development Committee ya kwanu, kaya ndi ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama kapena ku Munali.

Ndifike pa chimene ndimachiyesa chachikulu kuposa zonse, atachimenti. Ophunzira ambiri amaitenga ngati chilango: miyezi itatu yopanda malipiro, kutumidwa kukagula nsima, kusesa wekishopu. Ena amangofuna woti awasainire logibuku, osapondako n'komwe. Ameneyo wataya intavyu yaitali kuposa ina iliyonse imene adzaipeze pamoyo wake. Pa intavyu wamba amakupatsani mphindi makumi awiri, mutavala jekete yobwereka. Pa atachimenti amakuonani tsiku ndi tsiku: nthawi imene mumafika, mmene mumabwezera sipanala pamalo pake, nkhope imene mumapanga akakudzudzulani, ngati mumavala jombo ndi magalasi popanda wokukumbutsani. Malo akatseguka, foromani safuna kuwerenga maenvulopu. Amati, kodi kamnyamata kaja ka ku George kali kuti, kaja kankafika ife tisanatsegule?

Malo a atachimenti musadikire kuti koleji ikupezereni. Yambani kufunafuna temu yathunthu nthawi isanakwane. Tengani kalata ya koleji, yendani nayo nokha geti ndi geti, ndipo mlonda mumupatse moni waulemu, chifukwa envulopu yanu idutsa m'manja mwake ndipo amadziwa bwana amene alipo ndi amene kulibe. Musathamangire makampani a mayina akuluakulu okha. Kawekishopu ka anthu khumi ku Chinika kadzakupatsani makina m'manja sabata yoyamba, pamene kampani yaikulu ingakukhazikeni pa fotokope mpaka tsiku lomaliza. Mukalowa, dziwani kuti mphunzitsi wanu weniweni mwina ndi bambo wachikulire amene sanafike Giredi 12 koma amamva kudwala kwa injini ndi khutu. Muwatche bambo kapena amalume, muwanyamulire bokosi la zida, musawawerengere za m'buku pamaso pa anthu. Akakukondani adzakuonetsani zimene anaziphunzira zaka makumi atatu. Akakuonani matama adzangokhala chete, kukusiyani muwotche mota. Tsiku lomaliza musachoke ndi siginecha yokha. Pemphani kalata ya umboni papepala la kampani, yonena ntchito zimene munagwira, ndipo mufunse amene ankakuyang'anirani ngati mungalembe dzina ndi foni yawo pa CV. Pakapita miyezi, apatseni moni, asadzakuiwaleni.

Wina kumbuyoko akuti, bambo inu mukutaya nthawi, kuno ntchito ndi wako ni wako. Sindikutsutsa kuti ziliko. Alipo amene amalowa chifukwa cha amalume awo, alipo amene amalowa chifukwa cha chiphuphu, chija timati nchekeleko, ndipo zimawawa kwambiri kwa mwana amene amalume ake onse ndi ogulitsa makala. Koma taganizani chimene chimachititsa bwana woona mtima kufunsa antchito ake kuti, kodi mukudziwako wina? Akuopa kulemba mlendo amene mawa adzathawa ndi katundu kapena adzaphwanya makina a mamiliyoni. Akufuna munthu womutsimikizira. Mwana wa m'komboni alibe wachibale mkati, koma mboni angathe kudzipangira: mphunzitsi amene anamuona akulimbikira, foromani wa pa atachimenti, abusa kapena ashehe amene anamusungitsa ndalama za achinyamata, injiniya amene anacheza naye pamsonkhano wa EIZ. Anthu anayi otere amaposa masatifiketi khumi apakhoma. Ndipo aphunzitsi anu, ana anga, muziwalankhula. Ena mumamaliza zaka zitatu mphunzitsi osadziwa nkhope yanu, kenaka mumabwera kudzapempha kalata ya umboni. Alembamo chiyani?

Pofunafuna ntchito mudzakumana ndi akuba. Uthenga udzabwera pa WhatsApp kapena pa Facebook wonena kuti kampani yakutiyakuti ikulemba anthu, tumizani ndalama ya fomu, ya kuchipatala kapena ya yunifomu ku nambala iyi. Kampani yeniyeni silipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Mukakayika, pitani pageti pawo mukafunse. Kwa inu ana anga aakazi ndinena mosabisa, pamaso pa makolo anu: mudzapeza amuna ena, pakoleji ndi kuntchito komwe, amene adzafune thupi lanu posinthana ndi giredi kapena malo. Intavyu sichitikira ku loji, ndipo sichitika usiku. Sungani mauthenga awo, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo dziwani kuti ku polisi kuli Victim Support Unit, komanso wofuna chiphuphu angathe kunenezedwa ku Anti-Corruption Commission. Manyazi ndi a iyeyo, osati anu.

Za CV sinditaya nthawi, aphunzitsi anu amazidziwa. Masamba awiri akwana, nambala ya foni ikhale yogwira, ndipo wina aiwerenge musanaitumize. Chitupa cha NRC, satifiketi ya Giredi 12, mapepala a koleji ndi nambala ya msonkho ya TPIN ya ku ZRA zikhale m'fayilo imodzi, makope otsimikizidwa ali okonzeka, ena muwasunge pa imelo chifukwa madzi a ku Kanyama sasankha pepala. Amene mungakwanitse, pezani laisensi yoyendetsa galimoto, imasiyanitsa anthu awiri ofanana.

Ntchito ikapezeka, chimwemwe chisakutsekeni maso posaina. Employment Code Act ya mu 2019 imati nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi itatu, ndipo akaiwonjezera asapitirize miyezi itatu inanso. Imaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhalitsa. Wa kontirakiti yoposa chaka ayenera kulandira gratuity yosachepera magawo 25 pa 100 a malipiro ake oyambira kontirakiti ikatha. Ku NAPSA, bungwe la penshoni, inu mumadulidwa 5 pa 100, bwana nayenso amaikapo 5 pa 100, ndipo muzikaona ngati ndalamazo zikufikadi, chifukwa kudula papepala ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri. Ndikudziwa kuti munthu amene wakhala pakhomo zaka ziwiri salimba mtima kufunsa mafunso tsiku loyamba. Koma kope ya kontirakiti yanu itengeni, muisunge.

Ndili ndi mawu kwa inu a makampani amene mwatilemekeza pobwera. Kuyambira mu 2017 mumalipira Skills Development Levy, theka la gawo limodzi pa 100 la malipiro a antchito anu, kuti ithandize maphunziro a luso. Mumadandaula kuti ana ochokera m'makoleji sadziwa makina a masiku ano, ndipo nthawi zambiri mumanena zoona, chifukwa makina a m'mawekishopu ena a sukulu ndi akale kuposa aphunzitsi ake. Koma makina atsopanowo ali kwa inu, kuseri kwa mageti anu. Mukalemba pa chidziwitso cha ntchito kuti mukufuna wa zaka zisanu pantchito, kwinaku mukukana ana a atachimenti, mukuyembekeza kuti zaka zisanuzo azipeze kwa yani? Tengani awiri kapena atatu temu iliyonse, muwapatse jombo ndi ya basi. Ana amenewa amakhala kuseri kwa mpanda wanu, fumbi la mathiraki anu limagwera pa zovala zimene amayi awo ayanika.

Ndipo inu makolo, gauni ndi phwando la tsiku lomaliza n'zabwino, tonse timafuna kululutira. Koma ngati ndalama ili yochepa, chepetsani nkhuku za phwando, mulipirire mwana umembala wa bungwe la ntchito yake ndi ya basi yopitira ku atachimenti. Mwana akasankha kosi ya zamagetsi, ya mapaipi kapena ya mafiriji, musamuone ngati walephera chifukwa wa aneba akuchita zamalamulo. Chaka cha magetsi ovuta chija, amene ankadziwa kulumikiza sola ndi kukonza majenereta sanagone ndi njala.

Ana anga, a chaka chomaliza nthawi yakutherani, koma siinathe: sabata ino lembani mayina a anthu atatu amene angakuchitireni umboni, ndipo ngati sakukwana, mukudziwa ntchito imene yatsala. A chaka choyamba ndi chachiwiri, Lolemba likudzali pitani ku ofesi ya dipatimenti yanu mukafunse zinthu ziwiri: bungwe la lamulo la ntchito yanu ndi liti ndipo wophunzira amalowa bwanji, komanso kalata yopemphera atachimenti imatengedwa kwa yani. Mukaitenga, yambirani misewu yomwe ino musanakwere basi yobwerera kunyumba.